Wakuba Amene Anayeza Khomo

Wakuba wolongosoka amaba zimene zili kuseri kwa chitseko. Wathuyu anaba chitseko chenichenicho, zam'kati n'kuzisiya osakhudza.

Ndinafika pa Nyumba Yaikulu dzuwa litangotuluka, phazi lina mu nsapato yanga, lina mu ya amayi. Pakhonde panali patadzaza kale anthu, onse kukamwa yasa. Pamalo pa chitseko panali chibowo chakuda bii, ndipo pambali pake panakhala amalume anga, mlonda wa nyumbayo, manja ali mu unyolo.

Ndifotokoze kaye kufunika kwa chitsekocho. Esiteti yathu inafa kalekale. Eni ake anapita, fodya anasiya kulimidwa, koma ife ana ndi zidzukulu za antchito tinatsalira m'malaini, tinyumba tanjerwa tondandana kumunsi kwa Nyumba Yaikulu. Kenako kampani ina inagula malowo kuti igumule zonse n'kumangapo nyumba zosungiramo katundu. Chimakina chake chogumulira chinali chitaimikidwa kale kutsidya kwa msewu, chikutiyang'ana ngati galu wodikira fupa. Chiyembekezo chathu chinali chimodzi chokha. Tsiku limenelo kunkabwera mayi wa ku ofesi yoteteza malo akale. Akavomereza kuti malo athu ndi a mbiri, palibe akanakhudza njerwa ngakhale imodzi, kuyambira Nyumba Yaikulu, shedi yosankhiramo fodya, mpaka malaini. Akakana, tikatundu pamutu.

Mapepala onse a esiteti chiswe chinadya. Umboni wokhawo wa msinkhu wa nyumbayo unali pachitseko: chaka chimene inamangidwa, chosemedwa pamwamba, ndipo m'munsi mwake tizizindikiro ta amisiri amene anaimanga, aliyense kake, popeza kulemba sankakudziwa. Ka agogo anga kanali kambalame kopanda mchira. Zithunzi zake ndinali nazo mufoni, koma mayi uja anali atandiuziratu kuti ofesi yawo siteteza zithunzi.

Amene anawaitana alendowo ndine. Kwathu amanditchula Digiri, chifukwa ndinapita ku yunivesite kukaphunzira mbiri yakale n'kubwerako ndi zinthu zitatu: pepala lokongola, khalidwe lofunsafunsa ndi ulova.

"Digiri, usandiphunzitse ntchito," anatero a Sajeni a polisi ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Anali bambo wotopa ndi dziko, woyankhula ngati akulipira liwu lililonse. "Felemu sinathyoke. Ndiye kuti chitseko anachitsegula kaye ndi kiyi, kenako n'kuchizula. Kiyi ndi mmodzi. Amasunga ndani? Awa. Ali kuti? Akuti sakudziwa. Dzulo madzulo anali kuti? Akuti aiwala. Nkhani yatha."

Ndinagwada pafupi ndi amalume. "Malume, nenani kumene munali. Alendo akubwera lero."

Anayang'ana zala za kumapazi kwawo. "Mwana wa chemwali wanga, mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Miyambi sitsegula unyolo, malume."

Ndinatembenukira kwa wapolisiyo.

"Anakuitanani ndani, a Sajeni?"

"Ndine," anayankha munthu wina kumbuyo kwanga. Anali a Chisoti, nthumwi ya kampani ija. Dzinalo tinawapatsa chifukwa cha chipewa chawo cholimba chachikasu, chimene ena amati amasamba nacho. "Ndimadutsa pamsewu m'mamawa, ndangoona khomo lili pululu. Mtima wandipweteka kwambiri, achemwali. Ife a kampani timalemekeza mbiri. Si ndife takubwerekani mipando ndi matebulo kuti mulandirire alendo anu?"

Ndinawathokoza. Mawu awo ndinawapinda bwinobwino n'kuwaika m'thumba.

Kenako ndinayamba kuliyang'ana khomolo monga mmene ndinkayang'anira mafunso a mayeso, kufunafuna pamene wofunsa wadziulula yekha. Pawindo panali kachitini, ndipo m'katimo munali misomali yakale ija yosula pamanja, yonse yowongoledwa. Pansi panalibe kanyenyeswa ngakhale kamodzi. Pafelemu, pamwamba ndi m'mbali, panali timizere tatsopano ta pensulo ndi manambala.

"A Sajeni, munaonapo wakuba woyeza khomo?"

"Akuba ena ndi aulemu."

"Wakuba amayeza chimene akutenga, kuti aone ngati chikwana m'galimoto. Uyu wayeza malo amene akusiya. Woyeza khomo ndi munthu wofuna kuikapo chitseko china. Kapena wofuna kuti amene akumuonerera akhulupirire choncho."

"Amene akumuonerera ndani?"

Ndinali pafupi kuyankha kuti sindikudziwa pamene ndinaona tsache. Linali kuseri kwa mzati, litaimikidwa chozondoka, kosesera kuli m'mwamba kuti kusapindike. M'malaini monse muli munthu mmodzi yekha woimika tsache choncho, ndipo ndinakula ndikulandira makofi ake chifukwa choiwala.

"Sindikudziwa," ndinatero, ndipo ulendo uno linali bodza.

* * *

Sindinathamangire kwa amayi. Munthu ukaopa yankho umayamba wazungulira.

Esiteti ili ndi geti limodzi, ndipo pagetipo pali golosale ya mayi amene tonse timawatchula a Wailesi. Iwo safunsidwa, amangotsegulidwa.

"Digiri mwana wanga, ine sindinagone, ndi malodza amenewa, dzulo lomweli tinali tonse mumsewu umu kupaka miyala laimu, ana ndi akulu, mpaka manja kusuka, kuti alendo aone kuti kuno kumakhala anthu, lero ati chitseko palibe! Amalume ako? Anatuluka dzuwa likadalipo, akukankha njinga, akuti amayi ako awatuma kukabwereka makapu kusukulu, ine ndinati bambo inu, ndi ukalamba wanuwu mubwera ndi zigoba zokhazokha."

"Lole ya kampani inabwera iwo atatuluka kale?"

"Atatuluka kale. Yodzaza ndi mipando, matebulo, anyamata anayi amisinkhu yawo, ndi akalipentala kutsogolo ngati mkwati."

"Potuluka inanyamula chiyani?"

"Mphepo. Ndinaimitsa ndekha kuti andinyamulire makireti opanda kanthu, adiraiva n'kukana, amwano ngati amenewo sindinawaone, ndiye ndinasuzumira kumbuyo kuti ndiwachititse manyazi. Munalibe ngakhale chingwe."

"Nanga usiku?"

"Geti ili limalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, ndipo ine ndimagona apa pomwe. Silinalire. Kupatula pamene amalume ako amabwera ndi makapu."

Ndinazungulira kuseri kwa esiteti, kumene a Sajeni ankaganiza kuti akuba anadzera. Mvula inali itagwa masiku apitawo ndipo munda wonse unali matope. Chitseko chija n'cha mtengo wolemera kwambiri moti amuna anayi amachinyamula akubuula. Anthu osenza katundu wotere akanasiya mapazi akuya ngati maenje odzalamo nthochi. Ndinapezamo mapazi a mbuzi basi.

Choncho chitseko sichinatuluke pageti, sichinadzerenso kumunda. Chinali chikadali pa esiteti pomwepo. Nkhani yabwino imeneyi ndinalibe nayo nthawi yosangalala, chifukwa dzuwa linali litakwera kale, ndipo kutsidya kwa msewu munthu wina anali akupukuta magalasi a chimakina chija.

* * *

Mu shedi yosankhiramo fodya munali piringupiringu. Amayi ndiwo wapampando wa komiti ya okhala m'malaini, ndipo anali atalamula kuti kaya kwagwanji, alendo alandiridwe. Mipando inali itayalidwa. Kutsogolo kunali tebulo la alendo, lalitali, lokutidwa ndi nsalu yapulasitiki yamaluwa yolendewera mpaka pansi.

Azakhali, akazi awo a amalume, ankaika makapu patebulopo uku akulira mokweza.

"Mwamuna wanga ali mu unyolo, ine ndikuyala makapu! Makapu akenso osamva, ukaika apa akupendekera uko. Tebulo lanji losalingana? Tati tilisunthe lichoke padzuwa, azimayi atatu talephera, msana wanga wachita kulira."

"Musalikankhe, mayi, musalikankhe!" Akalipentala anatulukira pakati pa mipando, pensulo ili kukhutu. Ndi munthu woti sangakuuze ngakhale kuti kwacha osalumbira. "Pali Mulungu kumwamba, miyendo yake ndi yofooka. Likagwa mundiphetsa kwa eni ake."

"Akalipentala," ndinatero, "dzulo munafika ku Nyumba Yaikulu?"

"Ine? Ndife pano! Ndinangotsitsa mipando, achemwali, n'kubwerera. Mphezi indiwombe."

"Pensulo yanuyo ndi yakuthwa bwino."

Anaigwira ngati yawaluma, n'kupita kukakonza mpando umene unali wokonzeka kale.

Amayi ndinawapeza m'kachipinda ka kuseri, momwe kale munkakhala sikelo. Ankadula buledi, koma magawo ake ankatuluka okhotakhota, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Ndinatseka chitseko.

"Amayi, tsache mwaliiwala pakhonde."

Mpeni unaima.

"Mwana iwe, ndili ndi ntchito."

"Achimwene anu ali mu unyolo chifukwa akukana kunena amene anawatuma kusukulu n'kutsala ndi kiyi."

Anakhala pansi pa thumba la makala pang'onopang'ono, ngati munthu wothyoka m'chiuno. Atayamba kuyankhula, mawu awo anali aang'ono moti ndinachita kuwerama.

"Unachiyang'anapo bwino chitsekocho? Chakuda ngati kunsi kwa mphika. Chong'ambika m'munsi. Mlendo wochokera kutali, munthu wa ofesi, alowere pamenepo? Ife tonse tapaka miyala, tasesa, tachapa makatani, ndiye pakhomo penipeni pakhale nsanza? Akalipentala anabwera okha. Anati, mayi wapampando, ndikupangirani chatsopano chonyezimira, chopaka vanishi, ndidzachikhoma kusanache, anthu adzangodzuka n'kuona. Ine ndinati Mulungu watiyendera."

"Ndinakuuzani kuti chitsekocho ndiye umboni wathu."

"Ndinamva! Ukuyesa ndine chitsiru? Ndinawauza kuti chakacho achiseme pachatsopanocho, ndi zizindikiro zonse. Anayeza ine ndikuona. Anati ngakhale kambalame ka agogo ako akasema, n'kukaikira mchira."

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kugubuduka pansi. Kuyambira ndili mwana, mlendo akamabwera kwathu mbale zakale zinkabisidwa kunsi kwa bedi, n'kutulutsa zamaluwa. Amayi anangochita zimene akhala akuchita moyo wawo wonse, kungoti mlendo wa ulendo uno ankabwerera mbale za kunsi kwa bedizo.

"Anapita nacho kuti?"

"Anyamata aja anachinyamula kuzungulira kuseri kwa shedi, kumene kunaima lole. Ine ndinatsala ndikusesa, kenako ndinabwerera kumiyala."

"Sichinakwere lole, amayi. Nanga chatsopanocho chili kuti?"

"Akuti vanishi sanaume." Anatsitsa mawu. "M'mawa uno akalipentala andikokera pambali. Akuti ndikangotsegula pakamwa, wolowa m'chitokosi ndine, chifukwa wopereka kiyi ndine."

"Tiyeni kwa a Sajeni."

"Ndiye anthu awa? Akadziwa kuti amene wagwetsa nyumba zawo ndi wapampando wawo yemwe, ndidzayenda njira iti? Alamu anga ali panjapo akulira. Ndikawayang'ana bwanji?" Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kupweteka. "Chipeze, mwana wanga. Si unapita kusukulu? Chipeze ndisananene."

Panja geti linalira ngati nkhumba. Kenako tinamva mawu a Wailesi akuthamanga patsogolo pa galimoto.

"Afika! Alendo afika!"

* * *

Mayi wa ku ofesi anali wamfupi, wa imvi, wovala nsapato zoyendera m'matope. Miyala yathu yoyera sanaiyang'ane n'komwe. Anaima pakhomo la Nyumba Yaikulu nthawi yaitali, akusisita felemu ndi chala. Amalume anali akadali pansi pomwepo, chifukwa galimoto ya polisi inali isanabwere.

"Ndinu amene munatiitana?" anandifunsa.

"Ndine. Chitsekocho chilipo, mayi. Chili pa esiteti pompano. Ndipatseni mpata pang'ono."

"Mwachiona?"

"Ayi. Koma sichinatuluke."

"Mwana wanga, ndayendera malo ambiri. Kulikonse ndimapeza anthu okonda kwawo, ndipo kulikonse amandiuza kuti umboni unalipo dzulo." Sananene mwankhanza, ndipo zimenezo ndiye zinandiwawa kwambiri. "Popanda chitsekocho ndili ndi njerwa ndi nthano. Njerwa sizinena zaka zake. Kampani ili ndi chilolezo m'manja, ine ndilibe choiletsera. Ndimwa tiyi wanu chifukwa mwavutika, kenako ndinyamuka."

Ndinathamanga. Ndinalowa m'chipinda chapansi cha Nyumba Yaikulu n'kutulukamo ndi ukonde wa akangaude kumutu. Ndinakwera pathanki yakale ya madzi, ndinasuzumira m'khola la akavalo lopanda denga, ndinagwada kuyang'ana kunsi kwa khonde. Azimayi ena anayamba kale kutulutsa ndowa ndi mabulangete m'malaini, osadikira kuuzidwa. Mayi wina wokalamba anakhala pakhomo pake atakumbatira wailesi, akuyang'ana chimakina chija osaphethira.

Ndinabwerera ku shedi manja ali lende, mawondo ali matope. Digiri yanga yonse inali itathera pa mapazi a mbuzi.

* * *

Alendo anali atakhala kale patebulo lalitali lija. A Chisoti anadzipatsa okha mpando pafupi ndi mayi wa ku ofesi, ndipo ankawathirira shuga. A Sajeni anali atabweretsa amalume n'kuwakhazika pakona. Amayi ankathira tiyi nkhope ili pansi.

Panja, pakhomo penipeni pa shedi, lole ya kampani inali itaima chafutambuyo, injini ikulira.

"Mwafulumiratu," ndinauza mmodzi wa anyamata a lole.

"Abwana akuti tikangotha tinyamule mipando ndi matebulo. Akufunika kwina."

Anthu akadali pamipando, lole yabwera kale kudzaitenga. Ndinaima pomwepo. Dzulo lole ikanatuluka ndi chitseko, msewu wonse unali wodzaza ndi anthu opaka miyala, ndipo a Wailesi akanaulutsa nkhaniyo isanafike n'komwe pamphambano. Koma lero, ndani angaimitse lole yobweza mipando ndi matebulo kwa eni ake?

Ndinayang'ana tebulo la alendo. Matebulo ena a kampani anali opyapyala, oti mwana angawakoke ndi dzanja limodzi. Ili linali lotambalala kuposa onse, ndipo timiyendo take tinali titamira m'dothi la pansi pa shedi. Azimayi atatu analilephera. Makapu ankapendekeka. Ndipo akalipentala anali ataima kumapeto kwake, dzanja lili pansalu, ngati mayi woteteza mwana wodwala.

Ndinalowa m'kachipinda kaja n'kutenga mpeni wa buledi.

"Digiri wapenga!" anakuwa a Wailesi.

Mwina ndinalidi nditapenga. Ndinapita molunjika patebulo, ndinati, "Pepani mayi, nyamulani kapu yanu," n'kubaya nsalu yamaluwa ija pakati. Inali yokhomedwa ndi timisomali m'mbali monse. Ndinaing'amba mpaka kumapeto. Makapu a kusukulu anagubuduka, tiyi anatayikira pa thalauza la a Chisoti. Pansi pa nsalu panali makatoni oyalidwa. Ndinawakoka n'kuwataya uko.

Mtengo wakuda ngati kunsi kwa mphika. Mng'alu m'munsi. Chaka chosemedwa pamwamba, ndipo pansi pake tizizindikiro tija, nkhwangwa, dzanja, nsomba, mwezi, ndi kambalame kopanda mchira, tiyi atadzaza m'mapiko ake.

Anthu onse anadzuka pamipando kuti aone. Injini ya lole yokha ndiyo inapitiriza kuyankhula.

"Zodabwitsa!" anatero a Chisoti, akudzipukuta. "Taonani kuchenjera kwa akuba a masiku ano. Kubisa katundu m'matebulo a kampani yathu!"

Ndinapisa m'thumba muja ndinasunga mawu awo. "A Chisoti, munati munaona khomo lili pululu mukudutsa pamsewu."

"Ndi maso angawa."

"Amene anamanga Nyumba Yaikulu ankakonda phiri kuposa anthu. Khonde ndi khomo zinayang'ana kuphiri. Msewu nyumbayo inaufulatira. Mukaima pamsewu mumaona mawindo a kukhitchini ndi thanki. A Wailesi, geti linalira m'mawa a Sajeni asanafike?"

"Silinalire! Awa alowa pambuyo pa a Sajeni, ndawaona ndi maso anga, ndinali ndikutsuka m'kamwa!"

A Sajeni anaika kapu yawo pansi mosafulumira. Anayang'ana a Chisoti, kenako akalipentala. Akalipentala ndiwo anayamba kusweka.

"Pali Mulungu, bwana, ine ndi wotumidwa! Anandilonjeza matabwa onse a nyumba zino zikagumulidwa, mafelemu, mitanda ya denga, zonse. Anati ungochotsa chitseko basi, zinazo ndi zanga. Ndife pano!"

"Ufe pang'onopang'ono, ndikufuna umboni wako," anatero a Sajeni. Anatuma munthu kuti akazimitse lole n'kubweretsa kiyi wake. Kenako anatembenukira kwa amalume. "Koma awa sindiwamasula. Chitseko chinatsegulidwa ndi kiyi. Wina anawapatsa anthuwa kiyi, ndipo wosunga kiyi ndi mmodzi."

Akalipentala anatsegula pakamwa. Amayi anawayambirira.

Anaika ketulo pansi. Anamasula mfundo ya pakona ya nsalu yawo mpaka kiyi wamkulu wachitsulo anatuluka. Anamuika pachitsekopo, pafupi ndi kambalame.

"Ndine. Achimwene ndinawatuma kusukulu dala kuti asaone, chifukwa ndinkadziwa kuti akana. Sakudziwa kanthu. Amangeni ine."

Phokoso linabuka ngati njuchi zoponyedwa mwala. Azakhali anaimirira, maso ali psuu.

"Alamu! Inu? Mwamuna wanga wakhala padzuwa ngati mbava kuyambira m'mawa, inu mukudula buledi?"

"Wapampando wotigulitsa!" anakuwa wina kumbuyo.

Amayi sanadziteteze. Anangoima, manja ali m'mbali, akulandira mawu onse ngati munthu woima pamvula wopanda pothawira.

Mayi wa ku ofesi anagogoda pachitseko ndi supuni mpaka anthu anatonthola. Anali atavala magalasi ndipo chala chawo chinali pa chaka chija.

"Munachitiranji zimenezi, mayi?"

"Manyazi," anatero amayi. "Tinkafuna mupeze pabwino. Anandiuza kuti abweretsa chatsopano."

Mlendoyo anaweramira pachitseko. Kenako chala chawo chinatsika m'tizizindikiro tija mpaka chinaima pa kambalame.

"Aka n'ka ndani?"

"Bambo anga."

"Bwanji kalibe mchira?"

Funso limeneli ine wa digiri ya mbiri ndinali ndisanalifunsepo. Ndinkangoyesa kuti agogo sankadziwa kusema.

"Amisiri anawalola kusema pa nthawi yopuma yokha," anatero amayi. "Bambo anali omaliza pamzere. Belu la ntchito linalira asanamalize, ndipo kapitawo anawalanda chosemera. Sanawapatsenso mpata. Ana anzanga ankandiseka nako kambalameka mpaka ndinakula."

Mayi wa ku ofesi anavula magalasi n'kuwapukuta, ngakhale sanali akuda.

"Sindingateteze tebulo," anatero. "Ndikufuna ndichione chili pakhomo pake, ndi misomali yake yomwe. Chikakhala pamenepo ndisanachoke, chimakina chili kutsidyacho chibwerera kumene chinachokera."

Palibe anasuntha. Anyamata a lole anali atazemba, ndipo anthu a m'malaini ankayang'anabe amayi ndi maso oti sadzaiwala msanga. A Sajeni anamasula amalume n'kusamutsira unyolowo pa dzanja la a Chisoti ndi la akalipentala, limodzi uku limodzi uku.

Amalume anadzisisita m'mikono. Anayenda mpaka patebulo, anatola kiyi n'kumuika m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Kenako anagwira kona imodzi ya chitseko.

"Chemwali," anatero osawayang'ana, "unachitsitsa ndiwe. Gwira uko."

Amayi anagwira. Ine ndinagwira kona yachitatu. Tinakoka, chitseko osasuntha n'komwe. Azakhali anatiyang'ana, anatukwana chapansipansi mawu amene sindingawalembe, n'kukankha amayi ndi phewa kuti awapatse malo. Kenako kunabwera manja ena, ndi enanso, mpaka chinanyamuka.

Tinatuluka nacho mu shedi tikubuula, a Wailesi ali patsogolo kulamula anthu amene sanawapemphe. Palibe amene anayankhula ndi amayi njira yonse. Titafika pamasitepe a khonde tinachitsamiritsa kaye kuti tipume, ndipo ine ndinapita pawindo kukatenga kachitini ka misomali. Pobwerera ndinapeza amayi atawerama, akupukuta tiyi m'mapiko a kambalame ndi kona ya nsalu yawo, pamene panali mfundo ya kiyi paja.

Mayi wa ku ofesi anatambasula dzanja kuti awaletse.

"Musaope," anatero amayi. "Sindikuwonjezera kanthu."